Tsiku Limene Tinaperekeza Choluka cha Apongozi

Ulendo umenewu sunali wanga. Woyenera kupita anali mkazi wanga Enifa, koma sabata imeneyo miyendo inali itamutupa chifukwa cha pakati, ndipo anamwino anamuuza kuti akangokwera galimoto ya mabampu mwana abadwira m'njira. Mlamu wanga ali ku Joni. Ndiye chala chinaloza ine, mkamwini, kuti ndiperekeze apongozi anga aNagama ku Lilongwe.

Kwathu kuno kumunsi kwa Mua, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Tikakumana panjira mmodzi amapatukira patchire, ngakhale pakhale chitedze. Chilowereni m'banjamo ndinali ndisanadyepo pamaso pawo, ndipo mawu athu onse ankadzera mwa Enifa. Si chidani ayi, ndi ulemu. Kungoti amene anayambitsa ulemu umenewu ankayenda pansi, za minibasi sanaziganizire.

Apongozi akhala akuluka mikeka kuyambira ali mtsikana. Koma madzi atasefukira chaka chija n'kutisamutsa kumudzi wathu wakale wa m'mbali mwa mtsinje, anayamba zina. Ankanyika mlaza, khonje ndi luzi la mlambe m'madzi a makungwa a mbawa, zina m'dothi la katondo, zina m'mwaye, kenako n'kumaluka mapiri, madambo ndi mitengo. Anthu ankaseka kuti aNagama ayamba kuluka mikeka yosakhalira. Mayi wina amene amayang'anira nyumba yoonetsera zaluso ku Lilongwe anaona toluka tawo tating'onoting'ono pa msika wa patchalitchi, n'kunena kuti chachikulu chimene apongozi anachigwira dzinja ndi chilimwe achibweretse. Anati chifike Lachisanu asanatseke geti, chifukwa tsiku limenelo ndi lopachika zinthu pakhoma, ndipo wochedwa khoma lake adzapatsa wina.

Anachikulungiza pa nsungwi, n'kuchikuta ndi bulangete, pamwamba nsalu yoyera yogonera, n'kumanga ndi luzi uku ndi uku ndi pakati. Kutalika kwake ngati munthu wamkulu. Enifa anandilangiza ali pakhomo, dzanja lili m'chiuno.

"Chisapindike, chisanyowe. Utotowo ndi wa dothi, ukangoona madzi usungunuka. Ndipo inu bambo a Tadala, musakandichititse manyazi pamaso pa amayi."

Tinanyamuka Lachisanu lomwelo m'mawa pa ngolo ya a Jere. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni, miyendo panja, apongozi kutsogolo, cholukacho pakati pathu.

"A Jere," anatero apongozi, "muwauze akamwini agwire bwino mbali yawoyo, ikukhuza thayala."

"Akuti mugwire bwino," anatero a Jere, osatembenuka n'komwe.

"Muwauze kuti ndagwira."

Pamsewu wa tala ndi pamene a Jere anatisiya, ndipo womasulira wathu anathera pomwepo. Minibasi yoyamba kondakitala anachiyang'ana n'kunena kuti, "Bigi, tingochithyola pawiri, chilowa pansi pa mpando." Wa yachiwiri anafuna kuchigoneka pamadengu a usipa kumbuyo. Wa yachitatu anali wachifundo: anachilowetsa pakati pa mipando, mbali ina itatulukira pa chitseko chakumbuyo chimene anachimanga ndi chingwe. Kenako anandilozera malo otsala, pambali penipeni pa apongozi, bondo ndi bondo. Ndinakana kwamtuwagalu. Anandikhazika pa injini, potentha paja kumbuyo kwa dalaivala, ndipo nditakhazikika ndinazindikira kuti tsopano ndikuyang'anizana nawo maso ndi maso. Mpaka pa Golomoti ndinaphunzira denga la minibasi imeneyo, ndipo ndikhoza kukuuzani pamene panachita dzimbiri. Apongozi nawo anaphunzira zala zawo za kumapazi.

Pa Golomoti ndi pamene ulendo unaima. Magalimoto okwera phiri kupita ku Dedza ndi timagalimoto tating'ono tija timene amapanikizamo anthu mpaka dalaivala kukhala mopendekeka. Aliyense ankati akaona katundu wathu amangopukusa mutu n'kuthamangira wina wa kachikwama. Ndinachigoneka pa benchi ya munthu wina pansi pa mtengo wa mango, pamthunzi. Apongozi anakakhala patali ndithu, atafulatira, chitenje atafunda kumutu chifukwa cha dzuwa. Ine ndinaima pambali pa benchi, manja kumbuyo.

Dzuwa linakwera. Fungo la tchipisi cha pa chiwaya linkandipeza pomwepo, koma kudya apongozi ali poonekera sikukanatheka. Nsalu ija inali itakhudza madzi a nsomba m'minibasi, ndiye ntchentche zinabwera, ine n'kumaziingitsa ndi kanthambi. Galu wina anadzanunkhiza, ndinamuthamangitsa ndi mwala. Nkhope yanga inali ya munthu wanjala amene akuona nthawi ikutha, koma anthu anaiwerenga mwina. Ndinaona anyamata a kabaza atsitsa mawu. Wogulitsa nyimbo pa kabenchi anazimitsa wailesi yake. Ndinangoti mwina magetsi athima.

Kenako kunabwera bambo wina wachikulire wovala jekete, buku la nyimbo lili m'thumba. Anavula chipewa, ananjuta patsogolo panga, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Pepani, bambo. Pepani ndithu. Ine ndine Zuze, mkulu wa mpingo. Mukulowera kuti?"

"Ku Lilongwe, ine ndi apongozi anga ali apowo. Tayamba kudikira m'mawa, onse akutikana."

"Akukukanani? Anthu a masiku ano!" Anaimirira ndi mkwiyo umene unandisangalatsa, chifukwa ndinali ndisanapeze wondimvera chisoni tsiku lonse.

Anapita pa lole ina imene inali itadzaza matumba a mpunga, anthu a matola atakhala pamwamba. Analankhula ndi dalaivala, Che Yusufu, akuloza kwa ine. Che Yusufu anatsika, anagwira pachifuwa n'kunena kuti, "Kwerani, achimwene. Wotere salipira. Tikafika, inshallah." Ndinati mumtima, kodi anthu abwino onsewa anali kuti m'mawa muja? Amuna anayi anabwera n'kunyamula choluka chija mwaulemu, osagwedeza, n'kuchigoneka pamatumba amene anawayala bwino. Amayi awiri anakadzutsa apongozi, wina mkono uwu wina uwu, n'kuwakweza kutsogolo kwa dalaivala.

Ndinazindikira nditakwera kale, pamene wothandiza dalaivala anathyola nthambi za mango n'kuzisomeka kutsogolo ndi kumbuyo kwa lole. Masamba aawisi pa galimoto! Ndinayang'ananso katundu wathu ndi maso a anthu ena: nsalu yoyera, luzi kumutu, pakati ndi kumiyendo, mayi wachikulire wofunda kumutu osalankhula ndi munthu. Ngakhale ine ndikanavula chipewa.

Ndikanatha kunena pomwepo. Koma katundu ndi wa apongozi, ndipo nkhani ya katundu wa apongozi mkamwini sangaigamule yekha. Kuwafunsa sikukanatheka. Ndinati iwo ndiwo aakulu, amuuza dalaivala kutsogoloko. Ndinadikira kuti lole iime. Lole sinaime, inakhotera kumsewu wa Khwekhwerere n'kuyamba kukwera phiri, ndipo a Zuze anatulutsa buku la nyimbo.

Anthu amene aja ankaimba bwino, ndisaname. Panali mayi wina wa usipa wa mawu okwera, amuna akuthira besi kumbuyo. Tikakhota pa ngodya, onse ankagwirira cholukacho kuti chisagubuduke. Ine ndinaweramitsa mutu n'kumagwedeza milomo. Oyenda pansi ankaima m'mbali mwa msewu, a njinga ankatsika. Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze, komabe kwinaku ndinkaona kuti chichokereni kunyumba katunduyu sanasamalidwepo chonchi.

Tili pakati pa phiri injini inatentha n'kuyamba kufuka nthunzi. Tinaima. Wothandiza uja anatenga chigubu kukasaka madzi kumunsi kwa chigwa, ndipo anapita ngati wakasamba konko. Tinakhala, tinakhala. Anyani anabwera kudzationa n'kubwerera. Mayi wa usipa anamasula mpango wake n'kundipatsa chinangwa chophika.

"Idyani, bambo. Wofedwa akapanda kudya amagwa pamanda."

Ndinayang'ana kutsogolo, ndinaona kuti galasi la dalaivala silikundiloza, ndipo ndinadya chinangwacho nditabisala kuseri kwa thumba la mpunga. Ndikumeza chomaliza mayi uja anakuwa. Mphepo inali itakankha nsalu mbali ina, ndipo ulusi wa khonje wa m'mphepete, woyera mbuu, unali utatulukira.

"Mayo ine, imvi! Anali agogo eti? Onani tsitsi lake kukongola!" Anaubwezera mkati ndi zala zake, akusisita, misozi ili chuchuchu. Ine ndinatsamwa ndi chinangwa, ndipo a Zuze anandisisita pamsana kuti ndilimbe mtima.

Madzi atabwera tinakwera mpaka pa Masasa n'kulowa msewu waukulu. Kumeneko nyengo ndi ina. Ife a kunyanja tikafika ku Dedza timanjenjemera ngati nkhuku zonyowa, ndipo tsiku limenelo mtambo unali utatsikira pamsewu. Tisanafike pa boma, mvula yowaza inayamba. Mawu a Enifa anandilira m'khutu. Ndinavula shati n'kudziponya pa cholukacho, ndikukuwa kuti chisanyowe, chonde chisanyowe. Lona ya lole inali yong'ambika. Koma anthu aja sanadikire kupemphedwa kawiri. Mayi wa usipa anavundukula dengu lake n'kupereka pepala la pulasitiki, usipa wake n'kumanyowa. A Zuze anavula jekete. Mnyamata wina wa ku koleji anatambasula ambulera n'kuigwira mpaka mkono kuuma. Tonse tinanyowa mpaka mkati, koma pa nsalu yoyera ija sipanagwe dontho.

"Mkamwini wachikondi chonchi sindinamuonepo," anatero mayi wa usipa. "Wanga ine angandisiye pamvula n'kufunditsa njinga."

Pa chipata china cha apolisi pamsewu, pamene malole amaima mpaka dalaivala kuwodzera, anangoona masamba n'kutsegula. Titadutsa Chimbiya mvula inakata, ndipo a Zuze anasendera kwa ine.

"Ndikufuna ndipereke pemphero. Malemuwa dzina lawo ndani?"

Ndinayang'ana kumwamba, ndinayang'ana mpunga. "Zimenezo... angadziwe ndi apongozi."

"Zoona, zoona," anagwedeza mutu mokhutira. "Mkamwini sangatchule dzina la akuluakulu. Munaleredwa bwino, bambo." Ndipo anapempherera mtumiki wa Mulungu amene dzina lake likudziwika kumwamba.

Chimene chinandigwiritsa ndi thayala. Titangodutsa Linthipe linaphulika, lole n'kupendekeka. Jeke wa Che Yusufu sakanatha kukweza mpunga wonse uja, ndiye anati titsitse matumba ena, koma choyamba atsike malemu. Amuna anaima pamzere, mapewa okonzeka. Atanyamula anayang'anana.

"Apepukatu," ananong'ona wina. Aja anakweza pa Golomoti anali atatsala konko, awa kanali koyamba.

"Anadwala nthawi yaitali," anayankha a Zuze. "Matenda amadya munthu."

Potsitsa, wa kutsogolo anaterereka pamatope, katundu anapendekera pansi, ndipo nsungwi ija inasolokoka m'kati n'kugwera pa tala, kwekwerere, mpaka kukaima pa phazi la Che Yusufu. Mayi wa usipa anasendera, anakweza nsalu pang'ono, anagwira imvi zija, anazinunkhiza.

"Khonje," anatero. Kenako mokweza, "Khonje! Ndalirira khonje ine!"

Zimene zinatsatira sindingazilembe zonse. Ananditchula wakuba, mfiti, wonyoza maliro. Wa ku koleji anati mkono wake sukumvanso kanthu chifukwa cha mkeka. A Zuze anangokhala pa thumba, jekete lonyowa lili m'manja, akundiyang'ana ngati mwana wawo amene wagwidwa ndi nkhuku ya eni. Che Yusufu sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa.

"Astaghafiru, Mulungu andikhululukire. Ine ndayenda ndi masamba pa lole yanga chifukwa cha mkeka? Mutsale pompano. Mukwere ina."

Dzuwa linali litapendeka kale. Pamalo pamene paja, ndi katundu amene uja, panalibe galimoto imene ikanatitenga. Ndinaona dzinja ndi chilimwe cha apongozi zikuthera m'mbali mwa msewu, ndipo ndinamva chisoni chenicheni koyamba tsiku limenelo.

Chitseko cha kutsogolo chinatseguka. Apongozi anatsika pang'onopang'ono, anakonza chitenje, n'kudzagwada pamaso pa a Zuze.

"Abambo, muwauze anthuwa kuti akamwini asawatukwane okha. Ine ndinadziwa tili pa Golomoti pomwe. Ndimayesa anena ndi iwo, pakuti ndi amuna."

"Muwauze kuti ine ndimayesa anena ndi iwo, pakuti ndi aakulu," ndinatero ine.

A Zuze anatembenukira uku, anatembenukira uku. "Kodi inu simulankhulana?"

"Ndi apongozi anga."

Wina kumbuyo anaphulika ndi chiseko, n'kuchibweza msanga. Apongozi anamasula luzi la mbali imodzi n'kufunyulula pang'ono chabe, kutalika ngati mkono. Panaoneka madzi obiriwira a mtsinje, mchenga wofiirira, ndi mlambe umodzi wokhala ndi mphanga pakati.

Mayi wa usipa anasiya kutukwana. Anawerama. "Mlambe uwu si wa padooko paja, powolokera kupita kuchigayo? Ine ndinkagulitsa pansi pake ndili mtsikana."

"Ndi womwewo."

"Ulipo?"

"Unapita ndi madzi. Mudzi wonse unapita. Ndiye ndinati ndiuluke, anthu a ku Lilongwe akauone kuti unaliko. Akatseka geti lero, ndibwerera nawo."

Mayi uja anamina. A Zuze anaimirira, anavala jekete lawo lonyowa n'kutsokomola.

"Che Yusufu, nyimbo taimba kale, sitingazibweze. Mvula yatinyowetsa kale. Munthu ukayamba kuperekeza sutulira panjira. Tiyeni tikafikitse."

Che Yusufu anayang'ana nsungwi ili pa phazi lawo, anaitola, anandipatsa. "Koma inu achimwene mugwira jeke nokha. Ndipo mpunga wonsewu mukweza ndi inu."

Ndinakweza. Msana ukundikumbutsabe mpaka lero. Wothandiza uja anafuna kuzula masamba, koma pothamangira nthawi anaiwala, ndipo palibe anamukumbutsa. Nathenje tinangomudutsa. Mu Lilongwe munali mndandanda wa magalimoto wa anthu oweruka, koma ankati akaona nthambi za mango amatipatukira. A Zuze anayang'ana kumbali ngati sakuona.

Tinafika geti atatseka kale, mlonda akukoka unyolo. Galimoto ina yonyezimira imene inali patsogolo pathu anaibweza ndi dzanja. Kenako anaona lole ya matope, masamba, anthu onyowa, ndi nsalu yoyera pamapewa pa amuna anayi. Anavula kapusi, anatsegula mbali zonse ziwiri, osafunsa kanthu.

Mayi woyang'anira nyumbayo anali atayamba kale kuyeza khoma lotsala ndi chithunzi cha munthu wina. Atationa anagwira pakamwa, ndipo zinatenga nthawi kuti amvetse kuti palibe wamwalira. Anaitana anyamata ake ndi makwerero. Anthu a pa lole sanachoke, anati akufuna aone chimene analirira. Anaima pa simenti yonyezimira ija ndi mapazi a matope, fungo la usipa litadzaza chipinda chonse.

Anachifunyulula kuchokera pamwamba, chinatsika mpaka pansi. Mapiri a Dedza akuda kumwamba, minda ya thonje, dambo la mpunga, njira ya kuchigayo, madenga a udzu amene ndinkatha kutchula eni ake mmodzimmodzi. Nyumba ya apongozi ndi yaing'ono, ankaluka akukulunga, ndipo iwonso kanali koyamba kuchiona chonse chitaima. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka msana unagunda khoma linalo.

Mayi woyang'anira uja analoza pamunsi, pafupi ndi mtsinje, pamene panali malo ngati chikhatho a mlaza wosanyika, woyera, wopanda chithunzi chilichonse.

"Amayi, apa simunamalize? Tikhoza kubisa ndi maluwa."

"Musabise," anatero apongozi. "Pamenepo ndi pamanda. Bambo a Enifa tinawaika pamenepo. Madzi anakokolola zonse, ngakhale mtanda sitinaupeze. Ndinasowa choikapo."

Anakhala pansi pomwepo, anatambasula miyendo, ndipo analira. Sikunali kulira kobisa kwa m'tauni, kunali kwa kwathu, kokweza. Chaka cha madzi chija tonse tinali otanganidwa ndi kuthawa ndi kumanga misasa, ndipo sindinawaonepo akulira. Mayi wa usipa anakakhala pambali pawo, amayi enanso anatsatira, n'kuyamba nyimbo motsitsa. A Zuze anavula chipewa. Ine ndinaima patali pamene mkamwini amaima, misozi ikutsika osaipukuta. Nthawi imeneyi palibe anandifunsa dzina la malemu, apongozi ankawaitana okha.